Chaka Chimene Ndinanamizira Phiri

Lachisanu, 1 Januwale 2010

Buku latsopano, lonjezo lakale: chaka chino ndipita ku Tsangano kukaona amayi. Ndatsegula buku la chaka chatha kuti ndione mmene ndinaliyambira, ndapeza mawu omwewa. Chasintha ndi cholembera chokha. Dainess iwe, manyazi ulibe.

Ndaimba kumudzi masana. Mlongo wanga Tarsizio akuti ng'ala yawakulira amayi, diso lamanzere latsekeka, lamanja likuona ngati muli nkhungu. Kenako amayi eni ake: "Ubwere naye mdzukulu wangayo, ndimuone diso likadalipo." Tisungane wanga ali ndi zaka 6, agogo ake sanamuonepo. Ndati, "Epulo amayi, Epulo." Iwo angoti, "Mm." Mm ameneyo ndimamudziwa bwino.

Ndinachoka mu 2003 nditawauza kuti ndikupita ku Joni kukapikula zovala, masabata awiri basi. Mimba ndinali nditaibisa m'chitenje. Kutsanzika sindinatsanzike, ndinangoti "ndapita" ndili chiimire pakhomo. Masabata awiriwo mpaka lero sanathe, anandifikitsa kuno ku Ireland.

Loweruka, 9 Januwale

Sinowo! Dera lathu la Clondalkin, kuno ku Dublin, lonse mbuu. Mabasi aima, pa wailesi akuti mchere wothira m'misewu kuti ayisi asungunuke ukutha. Dziko lonse likulira mchere ngati ndiwo za kundende.

Ndayenda wapansi kupita kwa a Aloysius, mdala wa zaka 81 amene ndimawasamalira m'mawa uliwonse: kuwasambitsa, kuwaveka, tiyi, mankhwala. Sitiroko inawalanda mwendo ndi dzanja limodzi koma pakamwa inawasiyira ponse. Ndawauza kuti ine wa ku Tsangano kuzizira sindikuopa, kwathu mu Juni madzi amaundana m'beseni. Ndimanena izi nditavala masokosi atatu, mphuno ikutuluka madzi. Andiyang'ana, n'kundipatsa kansalu kawo kopukutira.

Lachitatu, 13 Januwale

Madzi asiya kutuluka m'mipopi, akuti mapaipi aphulika ndi kuzizira. Abweretsa thanki pafupi ndi mashopu. Azungu pamzere ndi mabotolo, mapoto, wina ndi ketulo. Mtima wanga unati, lero ndi lero, anthu awa aone mwana wa mayi. Ndinapinda sikafu n'kupanga nkhata, ndowa pamutu, manja m'chiuno, kuyenda monyang'wa ngati namwali wochokera kuchitsime. Mzere wonse zii, kundiyang'ana. Mayi wina mpaka anaomba m'manja.

Mapazi khumi. Ndinaiwala kuti njira ya kuchitsime kwathu ilibe ayisi. Matako pansi, ndowa uko, madzi onse m'khosi.

Tisu: "Mammy, everybody saw."

A Alo ataimva aseka mpaka kutsokomola. Chiuno chikuwawa.

Lachitatu, 17 Malichi

St Patrick, tsiku la chikondwerero chachikulu cha dziko lino. Ndapita ndi Tisu m'tauni kukaona perete, tonse zipewa zobiriwira ngati achule. Anthu akuvina ngakhale theka la iwo ntchito inawathera. Izi zokha amafanana nafe.

Matikiti ndagula dzulo. 16 Epulo, awiri. Sindikuopa ndege ayi. Ndikuopa kukaima pabwalo paja, amayi n'kundiyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo, osanena kanthu.

Lachinayi, 15 Epulo

Masutikesi atsekedwa, nsapato za Tarsizio zili mkati, juzi la amayi, sopo wonunkhira. Ndikumwa tiyi kwa a Alo, wailesi n'kuti phiri laphulika ku Iceland, phulusa ladzaza mlengalenga, ndege zonse zaima. Zonse. Mpaka liti, palibe akudziwa.

Ndilembe chilungamo poti buku ili ndi langa. Ndinapita kukhitchini ngati ndikukatsuka makapu, ndinatseka chitseko, ndinavina. Kuvina kwenikweni, chiuno chija chomwe. Kenako ndinasamba kumaso, ndinatuluka nkhope yachisoni. A Alo anati, "Pepa Dainess, wakhumudwa kwambiri eti?" Ndinagwedeza mutu ngati wamasiye.

Mulungu mundikhululukire.

Lachisanu, 16 Epulo

Kuimba kumudzi.

"Amayi, sitibwera, phiri laphulika."

"Phiri liti?"

"La ku Iceland."

"Ndiko ukukhala?"

"Ayi, ife tili ku Ireland. Ilo ndi dziko lina, koma phulusa lake lafika kuno."

"Ukuliona phulusalo?"

Ndinasuzumira pawindo. Kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala ngati kwathu. Ndati silioneka ndi maso.

"Mwana wanga, chaka chatha unati mapepala. Chaka chinacho unati mwana ali ndi chifuwa. Tsopano wafika ponamizira mapiri."

Tsiku limodzi lokha limene ndanena zoona, ndi limenenso sanandikhulupirire. Tarsizio anachita kukawatsimikizira kuti nayenso wamva pa wailesi. Akuti anali atapha kale nkhuku ziwiri.

Lachitatu, 21 Epulo

Ndege zayambanso kuuluka. Pa foni a kampani ya ndege anandifunsa ngati ndikufuna tsiku lina kapena kubweza matikiti. Tsiku lina linalipo, Lachiwiri likubwerali. Ndabweza. Ndadziuza kuti Tisu sangajombe kusukulu. Mwana wa zaka 6, amene ntchito yake yaikulu kusukuluko ndi kupenta agulugufe.

Juzi la amayi ndaliika pamwamba pa wadirobu, kumene sindingalione.

Lachitatu, 14 Julayi

Kukampani imene imanditumiza kwa a Alo atidula maola tonse. Shopu ya makapeti pakona yatsekedwa, ya nsapato inatseka mwezi watha. Pa basi ndinadutsa nyumba zija anazisiya osamaliza, udzu wamera mpaka m'mawindo. Ndinkaganiza kuti nyumba yothera pa lintala ndi matenda a kwathu kokha.

Aliyense akuti ino si nthawi yochoka pantchito, ukabwera upeza wina wakhala pampando wako. Ndawauza amayi zomwezo. Kunena zoona dziko lino likundisamala bwino. Chifukwa china chikangotha, limandipatsa china chatsopano.

Lamulungu, 8 Ogasiti

Sindinaimbe. Kirediti inalimo.

Lamulungu, 19 Sepitembala

Fainolo ya mpira wa anthu a kuno wogwira ndi manja, matimu a Cork ndi Down. A Alo kwawo ndi ku Cork, ndiye anatiitana ine ndi Tisu kuti tikaonere limodzi ndi mwana wawo Fergal. Ndinawaveka juzi lofiira. Malamulo a mpirawo mpaka lero sindiwamvetsa, ndimangokuwa ena akakuwa. Kamodzi ndinakuwira timu yolakwika, nyumba yonse inandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Cork yawina ndi poyinti imodzi, koyamba m'zaka 20. Mdala analira. Ndinkayesa ndi chimwemwe, koma Fergal atatuluka kukasuta anayamba kundiuza za mayi awo. Akuti iwo a Alo anapita ku London mu 1951 kukagwira ntchito ya zomangamanga. Akuti masiku amenewo munthu akamapita kunja, kwawo ankasonkhana ngati pamaliro, mwini wake ali moyo pakati pawo: kuimba, kulira, kudya, aliyense kumugwira dzanja. Iwo anawalonjeza mayi awo kuti abwera pa Khirisimasi.

"Ma Khirisimasi 9, Dainess. Nditabwera ndinabwera ndi tayi yakuda."

Kenako anati ndikweze TV. Ine ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu otsuka kale. Lero sindinavine.

Lachitatu, 20 Okutobala

Fergal wandikokera kukhitchini, kunong'ona. Ndi kalipentala, chaka chachiwiri tsopano osagwira hamala. Wapeza ntchito ku Australia, anyamuka 29 Novembala. Akuti ndisawauze bambo ake, mtima wawo ndi wofooka. Adzawauza kuti akupita ku Galway, tauni ya konkuno, masabata angapo, zenizenizo adzanena pa foni akafika.

Ndinakwiya. Ana a kuno! Kholo lako lokubereka, n'kulizemba ngati ukuthawa ngongole ya kachasu? Njira yonse pa basi ndimalalata chamumtima. Nditafika pa siteji yathu ndi pomwe ndinazindikira kuti Galway ndi Joni amasiyana dzina lokha. Anyani sasekana zikundu, koma nyani uyu waseka kuchokera pa Monastery Road mpaka kunyumba.

Lachinayi, 18 Novembala

A IMF afika mu Dublin. Pa TV akungoonetsa azibambo a masuti akuyenda ndi zikwama. A Alo anakana phala, anangokhala nyuzipepala ili pamwendo. Akuti makolo awo anavutikira dziko lino kuti lidzilamulire, lero alendo abwera kudzaliuza kadyedwe.

Ndinaona kuti awa ndi maliro. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinamanga, ndinakhala pansi pafupi ndi njinga yawo ya olumala, ndinati pepani ndithu, zimachitika, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Ndinawauza kuti ife kwathu alendo amenewa timawadziwa kuyambira ndili mwana. Anandifunsa kuti ndiye chotsatira n'chiyani. Ndinati mumanga lamba mpaka bowo lomaliza, kenako mutenga msomali n'kuboola lina. Anaseka, phala anadya. Ndinadzimva ngati nduna.

Ukatswiri umenewo ndi umene wandipweteka. Fergal atabwera ndinamutengera panja, kuseri kwa khitchini, ndinayamba ulaliki. Ndinati kwathu munthu sachoka ngati wakuba. Umagwada pamaso pa kholo, umanena kumene ukupita, umadikira likupatse mawu. Ndinati ulendo wosatsanzika suyera, umayenda nawo mtolo umene pa sikelo ya ndege suoneka. Ndinati Australia si Galway. Mawu anga ndi a kwaya, aliyense amadziwa. Windo la pabalaza ndinali nditalitsegula ndekha m'mawa kuti mulowe mpweya.

Tinangomva mkati: "Lowani nonse awiri."

Fergal anafiira mpaka makutu. Ine ndinaona ntchito yanga ikukwera basi kundisiya. Mdala anamuyang'ana mwana wake nthawi yaitali. Anati ankadziwa kale, munthu wopita ku Galway sagulitsa vani yake. Ndiye anati, "Tichita bwinobwino. Mwambo wathu, ndi wa Dainess womwe."

Fergal sanandilankhule potuluka. Akulondola.

Loweruka, 27 Novembala

Sinowo wabweranso, Novembala asanathe. M'tauni anthu zikwizikwi akuchita zionetsero zokana kudulidwa kwa malipiro. Ife zathu zinali pabalaza pa a Alo masana: aneba, masangweji, tiyi, kabotolo kobisika kuseri kwa wotchi. Bambo wina wa nyumba yoyandikana anaimba nyimbo yaitali yachisoni maso ali chitsinzinire. Pafupifupi aliyense m'chipindamo ali ndi mwana amene wapita kapena akupakira. Canada, Australia, London. Ankatchula mayiko ngati mmene kwathu timatchulira Joni.

Kenako mdala anati, "Dainess, muonetse mnyamatayu mmene mumachitira."

Ine wosakana ulemu. Ndinamanga chitenje, ndinagwada pa kapeti, ndinaomba m'manja mwa mphako, mutu pansi. Ndinafotokoza zonse ngati mphunzitsi: sugwada kutali, suyang'ana m'maso, sudzuka asanakuuze. Fergal, chimunthu chachitali chija, anagwada ngati ngamira, mawondo kulira. Anthu anaseka. Anati, "Da, I'm going." Mdala anatukula dzanja lake labwino lija n'kuliika pamutu pa mwana wake, ndipo kuseka kunatha. Analankhula motsitsa, sindinamve zonse. Ndinangomva kuti, "Usandilonjeze Khirisimasi. Uzingobwera."

Ndikanadzuka nthawi imeneyo n'kupita kukhitchini, bwenzi zitatha bwino. Koma ndinali chigwadire, kunyadira ntchito yanga. Mdala anatembenukira kwa ine, mokoma mtima ndithu, osati mondikola:

"Nanga iwe, mayi ako anakuuza chiyani utagwada?"

Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinati, "Ankasankha nyemba." Anthu akudikira kuti ndipitirize. Ndinati sindinagwade. Ndinati sanatukule n'komwe mutu, poti ankadziwa kuti ndibwera pakatha masabata awiri. Tisu anali pakhomo ndi sangweji m'manja, akundiyang'ana.

Mphunzitsi wamkulu wa mwambo analirira pa kapeti ya eni ake mpaka mayi wina anachita kumudzutsa.

Lamulungu, 28 Novembala

Pa TV alengeza kuti dziko lasaina, thandizo la IMF alandira. Ndinazimitsa. Ndinaimba kumudzi.

Tarsizio anayamba ndi kuzungulira, za mvula, za mbatata. Kenako anati, "Achemwali, diso lija linatseka mu Okutobala. Anati tisakuuzeni, muli ndi mavuto anu a dziko."

Mavuto anga a dziko.

Atawapatsa foni ndinagwada, pakhitchini pomwepa, ngakhale sakanandiona ngakhale ndikanakhala pamaso pawo. Ndinati amayi ndinachoka ngati wakuba, ndinakunamizani, ndinali ndi pakati. Zaka 7 ndakhala ndikukonza mawu amenewa, atuluka ngati a mwana wa sitandade wani.

Anati, "Mimba ija ndinaiona. Nyemba zija zinali zosankha kale. Ndinkadikira kuti unene."

Anati ndisalire, kirediti ikutha pachabe. Ndiye anati, "Usathamange ndi mtima, maso apita basi. Koma manja alipo. Ubwere naye ndidzamupapase."

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma apa mbewa ili moyo, yanenepa, ili ndi hita. Amene alipira manyazi anga ndi amayi.

Lachiwiri, 7 Disembala

Bajeti. Adula uku, adula uko, pa basi aliyense akutukwana. Abwana kuntchito akuti sangandilonjeze kuti ndikabwera maola anga ndidzawapeza. Chifukwa chabwino kwambiri chimenechi, chonenepa, mwina choposa phiri. Ndachiyang'ana, ndachisiya pomwepo.

Matikiti awiri, 21 Disembala. Ndatsitsa juzi pa wadirobu, ndalikutumula fumbi.

Lolemba, 20 Disembala

Ndakatsanzika kwa a Alo. Ndagwada bwinobwino, osati zachionetsero zija. Ndawauza kumene ndikupita, tsiku lobwera, ndi dzina la mtsikana amene aziwasambitsa. Dzanja pamutu panga, lolemera, lofunda. Akuti Fergal amaimba Lamulungu lililonse, akudandaula kutentha. Akuti ndikawauze amayi kuti mwana wawo amaphika phala loipa koma ndi munthu.

Podzuka chiuno cha Januwale chija chinakana, ndinachita kugwira njinga yawo. Anaseka mpaka kutsokomola.

Lachiwiri, 21 Disembala

Bwalo la ndege latsekedwa. Sinowo. Anthu ali mbwee pansi, ena akulira, ena akukalipira atsikana a pa kauntala ngati ndiwo agwetsa sinowoyo.

Ndinaima ndi masutikesi anga kumvetsera miyendo, ngati iyambe kuvina ngati mu Epulo. Zii. M'malo mwake ndinapezeka ndili pamzere maola atatu, ndipo mtsikana atandifunsa kuti tsiku lina kapena kubweza, ndinayankha asanamalize funso. Lachisanu m'mawa.

Ndaimba kumudzi. Amayi: "Phiri linanso?" Ndinati ayi, imvani nokha, n'kukweza foni m'mwamba kuti amve chiphokoso ndi mawu a pa sipika. Anamvetsera nthawi yaitali. Anati, "Mm." Koma Mm wake wina, sindinamumvepo.

Lachinayi, 23 Disembala

Atsekanso lero. Masutikesi sindinamasule, tikuvala zomwezo. Tisu akuyeserera kugwada pa kapeti: "Muli bwanji agogo, ndine Tisungane." Akumveka ngati wansembe wachizungu, koma akugwada bwino kuposa mayi ake.

Lachisanu, 24 Disembala

Tili pa geti. Panja magalimoto akukankha sinowo, ndege yathu ikuoneka, akuithira mankhwala m'mapiko. Tarsizio watumiza uthenga kuti ali kale ku Lilongwe, ndipo amayi akana kuti aphe nkhuku mpaka atamva mawu anga pabwalo.

Tisu wakhala pampando, miyendo ikulendewera. Kenako wandifunsa kuti agogo akamudziwa bwanji ngati saona. Ndati ndi manja. Wati, "How?" Ndamuuza kuti atsinzine. Ndatenga timanja take n'kutiika pankhope panga. Wayamba pachipumi, nsidze, mphuno, wati mphuno yanga ndi yaikulu. Wafika pamasaya, waima.

"Mammy, you're wet."

Maso sanatsegule. Wangopitiriza kupapasa.

Akuitana mizere yathu.